Malonje a Timu Yobiriwira

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinakhala miyezi itatu ndikupempherera timu yanga yomwe kuti igonje. Sindikukokomeza ayi, ndinkachita kugwada. Mulungu sanandiyankhe mmene ndinkafunira, ndipo mpaka lero ndimamuthokoza chifukwa cha zimenezo.

Tinkakhala ku Al Nahda, m'fulati ya zipinda ziwiri, pamwamba kwambiri moti ukasuzumira pawindo m'mawa unkaona mzere wonse wa magalimoto ochokera ku Sharjah ukukwawa. Bambo anali akauntanti, mayi anali namwino. Ine ndinafika ku Dubai ndili ndi zaka zitatu, choncho Chichewa ndinkachimva chonse koma chinkandilemera pakamwa. Tsiku lina titaweruka kutchalitchi ndinayesa kupereka moni wautali kwa azimayi. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga za zitenje, ndipo mmodzi wa iwo, mayi Chirwa, ananditcha kamzungu ka a Banda. Dzinalo linandikakamira. Kuyambira pamenepo ndinatseka pakamwa: munthu akandifunsa m'Chichewa ndinkayankha m'Chingerezi, akaumirira ndinkangomwetulira ngati wogontha.

Bambo ankakonda mpira wa ku Mangalande, makamaka chikho chakale chija chimene matimu akuluakulu amakumana ndi ting'onoting'ono, wogonja n'kulongedza kupita kwawo. Pa chikho chimenechi anali ndi mwambo wawowawo. Mu Januwale, matimu akuluakulu akamalowa mumpikisano, ankaitana mabanja anzathu a ku Malawi ndi a ku Zambia, n'kulemba mayina a matimu onse pa timapepala n'kutiponya m'chipewa. Akuluakulu ankatola tingapo, ife ana kamodzi. Lamulo linali limodzi: amene timu yake yafika mufainolo apereke malonje a timuyo mpira usanayambe, m'Chichewa, anthu onse akumva. Kwathu mlendo samangoti ndafika. Amakhala pansi n'kufotokoza mmene wasiyira kwawo ndi mmene wayendera m'njira. Bambo ankati timu yofika mufainolo ndi mlendo wochokera kutali, ndipo siingalowe m'nyumba mwawo ngati mbuzi.

Chaka chimenecho ndinatola timu ya m'ligi yachiwiri, ya m'tawuni ina ya asodzi, yovala zobiriwira. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa dzina la wosewera wake aliyense. A Tembo, injiniya wa ku Chipata yemwe anali mnzawo wa bambo wa ponda apa nane ndipondepo, anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Iyi timu izafa mailo chabe, mwana. Pumula, khalas, zatha," anatero, kutanthauza kuti timuyo sichedwa kugonja. Anthu ankaganiza kuti ndakhumudwa, koma m'nyumba monsemo munalibe wosangalala kuposa ine. Timu yofa msanga inkatanthauza kuti sindidzatsegula pakamwa.

Masewero oyamba anasewera pa bwalo lamatope okhaokha, mvula ikugwa chopingasa, ndipo analepherana ndi anzawo. Atabwereza anapambana. Ndinati zangochitika. Ndime yotsatira anapambananso. Kenaka anapita kukakumana ndi timu yaikulu pakwawo, imodzi mwa zimene a Tembo anatola, ndipo anaithira chigoli chimodzi n'kutseka pakhomo mpaka mpira kutha. A Tembo anasiya kuseka, ine ndinayamba kugwada. Pamene anyamata obiriwirawo anapambananso n'kulowa m'ndime ya matimu anayi, bambo anandisisita pamutu n'kunena kuti ndiyambe kunola lilime. Chakudya chinandikanika tsiku limenelo.

Amene anandipeza ndikulira pakhonde, pakati pa zovala zoyanika ndi makina a mpweya wozizira amene ankatulutsa mpweya wotentha panjapo, anali azakhali anga a Nabanda, mlongo wawo wa bambo. Iwo ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Festival City, kwa banja lina la Angerezi, kulera ana awiri ndi kugona komweko. Kwathu ankabwera kawiri pamwezi, Lachisanu, lomwe ku Dubai linali tsiku lopuma ndi lopita kutchalitchi, pa basi ndi sitima ya Metro. Ndinene zoona ngakhale zikundichititsa manyazi: sindinkawawerengera. Kusukulu ndinkanena za ntchito ya bambo ndi ya mayi, za azakhali sindinkatchula. Amuna akamakangana za mpira pabalaza, iwo ankakhala kukhitchini akutsuka mbale ngati sanatope nazo sabata yonse.

Ndinawaululira zonse, za mapemphero anga omwe. Anaseka, koma kuseka kwake sikunali kwa azimayi a kutchalitchi kuja. Anandiuza kuti bwana wawo kwawo ndi m'tawuni ya asodzi yomweyo, ndipo timu ikamasewera ankavala sikafu yobiriwira yaubweya m'Dubai momwe muno. Azakhaliwo masewero onse, kuyambira a m'matope aja, anawaonera ali kumbuyo kwa tebulo lositirapo. Ndinawaonetsa pepala limene ndinakopera pa intaneti, pomwe panali mayina a matimu ndi zigoli basi. Analiyang'ana uku ndi uku n'kundibwezera.

"Awa si malonje, Tamanda, iyi ndi risiti," anatero. "Malonje ndi matope a kumapazi. Umanena pamene basi inakuferani, amene anakupatsa madzi, amene munamusiya m'njira."

Ndiye anayamba kundiuza zimene pepala silinanene. Goloboyi wathu, pakuti apa anali atayamba kale kunena kuti wathu, matimu atatu anamutaya kuti ndi wamfupi. Kaputeni anang'ambika pachipumi pa masewero obwereza aja, anamumanga bandeji n'kubwerera m'bwalo magazi akuchucha. Tsiku logonjetsa timu ya a Tembo, woyimbira anatulutsa munthu wathu ndi kadi yofiira, ndipo anyamata anasewera theka lonse lachiwiri ali khumi. Ochemerera anayenda tsiku lathunthu pa mabasi n'kuimba mpaka mawu kusasa. Ndinangoti kukamwa yasa. Munthu amene ndinkamuona ngati wodziwa sopo ndi ayironi yekha ankaudziwa ulendo wonsewo kuposa amuna onse a pabalaza pathu.

Kuyambira sabata imeneyo, masana aliwonse ana a abwana akagona, azakhali ankanditumizira mawu pafoni ya mayi. Chiganizo chimodzi kapena ziwiri, mwakachetechete, nthawi zina makina ochapira akulira kumbuyo. Ine ndinkadzitsekera m'bafa, n'kutsegula mpopi kuti wina asamve, n'kumabwereza. Ndikawatumizira zanga sankanena kuti ndalakwa kapena ndakhoza. Ankangoti, "Bwereza, mwana wa achimwene." Anandiphunzitsanso kukhala kwake: miyendo yopinda, msana wowongoka, kuwomba m'manja mofatsa usanayambe, ndi kusathamanga ngati wakuba nkhuku.

Masewero a matimu anayi anathera ku mapenate. Goloboyi wamfupi uja atagwira penate yomaliza, ndinangozindikira ndili pamwamba pa sofa ndikukuwa. Bambo anandiyang'ana modabwa. Mapemphero ofuna kugonja aja sindikudziwa kuti ndinawasiya tsiku liti.

Fainolo inali Loweruka la mu Meyi, kutentha kutayamba kale kuluma. Otsutsana nafe anali timu yaikulu yovala zofiira, ndipo mwatsoka kapena mwamwayi, nayonso inali ya a Tembo. Anthu anadzaza pabalaza mpaka ena kukhala pa mikono ya mipando, nsapato zili mbwee pakhomo, fungo la nkhuku yowotcha ndi tchipisi lili m'nyumba monse. Mayi Chirwa analipo. Amene kunalibe ndi azakhali. Bwana wawo anali ataitana anzake kudzaonera mpira womwewo, ndipo panalibe wina woti akazinge ndi kuperekera. Nditamva zimenezi mtima unagwa. Ndinawakokera bambo m'chipinda n'kuwauza kuti sindilankhula. Sanandikalipire. Anangondifunsa kuti, "Mlendo wafika pakhomo, Tamanda. Timubweze?"

A Tembo ndiwo anayamba. Malonje awo anali okoma, odzaza nthabwala ndi matama: timu yawo inangodutsa mumsewu wa tala, kuthira uyu zigoli, kuthira uyo zigoli, osatuluka ngakhale thukuta. Anthu anaseka n'kuwomba m'manja. Kenaka maso onse anatembenukira kwa ine. Nthawi yomweyo foni ya mayi inalira. Anali azakhali, akunong'ona, mafuta akuthetheka pafupi. "Foni ndaika m'thumba la epuloni, kachingwe kali m'khutu. Ndikumva. Yalla, tiye, yamba." Mayi anaika foniyo pa kapeti patsogolo panga.

Ndinakhala pansi, ndinapinda miyendo, ndinawomba m'manja katatu. Kenaka ndinayamba. Ndinati kumene tachokera kuli bwino, asodzi akupereka moni, koma njira sinali yapafupi. Ndinanena za matope a mu Januwale, za bandeji ya kaputeni, za tsiku limene tinatsala khumi pakhomo pa eni ake. Apa wina anati "zikomo" monga amachitira akuluakulu pomvera malonje, ndipo mawu amenewo anandilimbitsa mtima. Ndinapunthwa kangapo, lilime linakana mawu ena, koma palibe anaseka. Ndinanena za goloboyi wotayidwa katatu. Nditafika kumapeto, pamene azakhali anandiphunzitsa kuti nditseke, ndinawonjezera zanga zimene sitinakonzekere.

"Ulendo wonsewu sindinauone ndi maso anga," ndinatero. "Anauona ndi azakhali anga a Nabanda, ali chiimire akusita. Iwo ndiwo anandinyamula. Malonje athera pamenepa."

M'nyumbamo munali zii, moti tinkamva mbale zikugundana m'foni muja. Bambo, monga mwini khomo, ndiwo anayankha malonjewo. Anati alendo afika bwino, alowe. A Tembo anawomba m'manja mwaulemu, osati mwa ku bwalo la mpira, n'kunena kuti manje aona kuti timu yawo yayenda ulendo wopanda nkhani. Mayi Chirwa anandisunthira malo pambali pawo n'kundiikira ntchafu ya nkhuku m'mbale. Dzina la kamzungu lija sindinalimvenso. Sindinanyadepo chotero m'moyo wanga, ndipo ndikukayika ngati ndidzanyadenso chotero.

Mpirawo tinagonja. Anyamata analimba mpaka chakumapeto, kenaka ofiira aja anathira chigoli, n'kuwonjezera china. Ndinalira kwambiri, ine yemwe uja wogwada kuti agonje.

Lachisanu lotsatira azakhali anabwera, ndipo ndinawadandaulira kuti malonje onse aja anapita pachabe. Anavula nsapato, anatikita mapazi awo otupa, n'kunena kuti malonje sapereka wopambana, amapereka wofika. Mawu amenewo anandikumbutsa kanthu. Zaka zinayi zonse zimene ankalowa pakhomo pathu, sindinamvepo akunena zoposa kuti ndayenda bwino, ndipo palibe anafunsapo zambiri. Ndinakhala pansi patsogolo pawo, ndinawomba m'manja, n'kuwapempha kuti andipatse malonje awo, kuyambira kumudzi.

Poyamba anakana, amvekere ndikuwachedwetsa kutsuka mbale. Kenaka anayamba. Anandiuza za mbatata ndi tomato amene ankagulitsa m'mbali mwa msewu ku Ntcheu, za imfa ya amuna awo, za ana awo awiri amene anawasiya kwa mng'ono wawo, mwana wamng'onoyo asanadziwe kumanga zingwe za nsapato. Anandiuza za tsiku loyamba kukwera ndege, za makina ochapira amene ankawaopa kuwagwira, za kulera ana a eni ake uku ako akukula pafoni. Sanadandaule, ankangofotokoza, malo ndi malo, monga anandiphunzitsira. Ndili mkati momvera ndinaona bambo ataima pakhomo la khitchini. Patapita kanthawi anakoka buluku lawo la kutchalitchi m'mawondo n'kukhala pansi pa matailosi, pambali panga, mpaka mlongo wawo anamaliza.

Lero ndine wamkulu, ndimagwira ntchito m'ndege, ndipo azakhali anabwerera ku Ntcheu komwe ana awo onse awiri anamaliza sukulu. Fainolo ya chikho chija ndimaionerabe chaka ndi chaka, koma amene ananyamula chikho chaka chatha ndimatha kumuiwala. Chimene ndinaphunzira ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi n'chakuti munthu ukangomuona pamene waima, wamuona pang'ono. Ndikakumana ndi mayi wa kwathu akukankha ngolo ya mwana wa abwana m'sitolo zazikulu za ku Festival City, ndimamupatsa moni m'Chichewa changa chomwechi, chimene mpaka pano chimatsimphina. Akati wayenda bwino, sindithamangira kutsanzika. Ndimafuna pokhala, n'kumufunsa kuti ananyamukira kuti.