Matemba ndi Nkhope ya Mtsogoleri

Pamsika wa Nkando pali abambo ena okalamba ogulitsa matemba. Asanakulunge nsomba, amayamba atembenuza nyuzipepala mbali zonse ziwiri, ndipo tsamba lokhala ndi nkhope ya munthu amaliika pambali. Ogula amadandaula, koma iwo sapupuluma.

Nkhani yawo aliyense amaidziwa. Nthawi ya chipani chimodzi anakhala kundende zaka zitatu pa mlandu woukira boma, chifukwa anakulunga matemba m'pepala la chithunzi cha mtsogoleri.

Tsiku lina mayi wina wothamangira minibasi anawakalipira. "Agogo, tangokulungani! Zimenezo zinatha kalekale. Masiku ano atsogoleri timawanyoza ndi pawailesi pomwe."

"Ndimamva, mayi," anayankha motero, akutembenuzabe pepala lija. "Koma amene anakandineneza ndi uyo akugulitsa tomato apoyo. Iyeyo sanathe."