Nyimbo Zawo Zikutha pa Wailesi

Bambo oyandikana nafe kuno ku Toledo anapuma ntchito ku fakitale ya magalimoto, koma wailesi ya m'galaja mwawo sipuma. Imakhala pa siteshoni imodzi, ya nyimbo zakale za magitala. Iwo samangomvera ayi, amachita kulondera. Nyimbo ya pa unyamata wawo ikatha sabata osamveka, amandikodola pampanda.

"Mphwanga, ina yapita. Akutichotsa mmodzimmodzi."

Ine ndimaseka, koma iwo saseka.

Lachiwiri ndinawapeza akuimba foni ku siteshoniko, kupempha nyimbo imene anavina ndi malemu akazi awo pa ukwati. Mtsikana woyankha anawauza mwaulemu kuti za zaka zimenezo anazisiya, chifukwa omvera ambiri tsopano ndi a zaka makumi anayi.

Asanaike foni pansi, wailesi inayamba chiphokoso china, muulutsi n'kufuula kuti, "Nayi yakalekale!"

Nkhope yawo inagwa.

"Iyi si ija ankaliza mwana wanga Kristy, ine n'kumamenya chitseko kuti atsitse?"

Dzanja linafika pa batani, koma sanazimitse.

"Ngati Kristy ali wakalekale, mphwanga, nanga ine andiika pati?"