Tsiku limene anamasula kaliyala

Linali Loweruka, 6 koloko m'mawa, pamene amuna anga anamasula kaliyala pa njinga yathu. Anagwada pabwalo ndi sipanala, ine ndili pakhonde ndikuyamwitsa mwana. Manati anawaponya m'kachitini ka mafuta odzola, kaliyalayo n'kumutsamiritsa kukhoma pafupi ndi mapazi anga, khushoni yake ili pomwepo.

Khushoni imeneyo ndinasoka ndine, ndi chitenje chimene ndinavala sabata yoyamba ya ukwati wathu. Ine njinga sindinaphunzire kupalasa. Kwathu kuno kwa Kalembo njinga inali ya malume, ndipo ana aakazi tinkangoitsuka. Malo anga pa njinga anali pambuyo, kukhala cham'mbali, dzanja limodzi litagwira malaya a amuna anga. Kuchigayo, kumsika wa Ulongwe, kusikelo, ngakhale tsiku limene matenda a mwanayu anayamba, ndinapita nditakhala pa kaliyala ameneyo.

Ndinafunsa chapansipansi kuti akumuchotseranji. Anati akulemera, lero kuli mitunda.

Amene anabweretsa nkhani ya mitundayo anali msuweni wawo, mwana wa malume awo. Amagwira ntchito ku Zomba ndipo ndi wosakwatiwa. Anafika dzulo lake pa minibasi, njinga yake itamangidwa kumbuyo. Inali yowonda, yobiriwira, ya magiya ambiri, matayala ake a timano. Posesa ndinainyamula kuti ndiisunthe, ndipo inanyamuka ndi dzanja limodzi. Sindikudziwa chifukwa chake, koma zimenezo zinandipweteka mtima. Anatifotokozera kuti iye ndi anzake amapalasa Loweruka lililonse m'misewu yafumbi, osati kupita kumaliro kapena kokagula kanthu, kungopalasa basi. Misewu ya ku Zomba anali ataimaliza. Tsopano ankafuna njira zatsopano, ndipo amuna anga, amene amayenda ndi nsomba ndi tomato m'midzi yonseyi, ndiwo anali oti amuonetse.

Msuweniyo atangolowa pakhomo dzulo lakelo anandigwira dzanja n'kunena mokweza, "Mkazi mnzanga, amuna angawa mukuwadyetsa chiyani? Taonani nthiti."

Onse anaseka, mayi anga omwe. Ndi chisuweni, palibe amakwiya nacho. Koma ine ndikudziwa mabanja kuno amene anayamba ndi nthabwala zomwezo, ndipo chipembedzo chathu sichiletsa mkazi wachiwiri. Ndinamwetulira, n'kupita kukamutengera madzi. Mawu oti ndimubwezere anandibwerera ndili kale kubafa.

M'mawa wa Lowerukalo msuweniyo anatuluka atavala buluku lothina ndi chipewa cholimba cha mabowo, chitenje atachipinda n'kuchimanga pa handulo kuti azivala akafika pa anthu. Ataona ndikuyang'ana kaliyala uja anati ndisadandaule, adzawabweza madzulo ali athunthu. Ananyamuka moyandikana, uyu mbali iyi, awa mbali iyo, akucheza. Ndinawaona mpaka anakhota pa mjigo.

Chimanga chinali chokonola kale, choncho kuchigayo ndinapita wapansi, thumba pamutu, mwana kumbuyo. Amayi amene ndinawapeza pamzere sanachedwe. Wina anandifunsa kuti kabaza wanga wadwala kodi. Wina anati iyayi, wamuona m'mawa akuuluka ndi mtsikana wa buluku, njinga ilibe ndi pokhala munthu pomwe. Ndinati ndi msuweni wawo. Anangoti "eee, msuweni," n'kuyang'anana. Ndinaweramira mwana ngati ndikumukonza chipewa.

Anabwera dzuwa litapendeka kwambiri, fumbi lofiira mpaka m'nsidze, akuseka asanatsike n'komwe. Pakudya ulendo wonse anaufotokoza molandizana, wina akayamba mnzake n'kumalizitsa. Anawoloka Shire pa Liwonde, n'kusiya tala. Anakwera kuseri kwa Machinga boma, kumene nsangalabwi zimaterera ndipo tayala lakumbuyo limangozungulira pamodzimodzi. Msuweniyo ankasintha magiya, amuna anga ankaimirira pa mapedulo, ndipo pa chitunda china onse anatsika n'kukankha. Pamwamba anaona mtsinje wonse uli ngati ulusi. Kenako anatsetserekera kuchigwa cha Likwenu, anawoloka atanyamula njinga pamapewa, n'kukhala pamwala kudya nzimbe mapazi ali m'madzi.

Mapiri amenewo ndi kwawo kwa amuna anga. Iwo anabwera kudzakhala kwathu kuno titakwatirana, ndipo kwawoko ndinapitako kamodzi kokha, pa minibasi. Nthawi zonse ankati tsiku lina adzanditengera pa njinga, koma ndi ine ndi mwana mitundayo singatheke. Mwala wa pa Likwenu umenewo anandiuzapo tili pa chibwenzi, kuti ankasambirapo ali mwana. Ine ndinali ndisanauone.

Msuweniyo anasamba m'manja n'kundipatsa foni kuti ndione zithunzi. Anandionetsa mosunthira ndi chala. Munali mitengo, mbuzi panjira, ana akuthamangira njinga. Kenako ndinafika pa chithunzi cha amuna anga akutsika mtsetse. Miyendo anali ataichotsa pa mapedulo, ataitambasula uku ndi uku, kapu itatembenuzidwa, kukamwa kuli yasa, maso atatsinzina pang'ono chifukwa cha mphepo. Ankaoneka ngati kamnyamata.

Ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Zaka zonsezi ndakwera njinga imeneyo, nkhope yawo akupalasa ndinali ndisanaione. Ndimadziwa msana wawo, pamene thukuta limayambira, ndi kachigamba ka pakolala. Nkhope imeneyi anaiona ndi munthu amene anali pambali pawo, pa njinga yakeyake. Ndinabweza foniyo n'kunena kuti zithunzi n'zabwino. Iye anati Loweruka linalo adzabweranso, adzapita ku Nkaya motsatira njanji n'kukawoloka Rivirivi. Amuna anga anavomera asanameze.

Ndinawapeza kuseri kwa nyumba akutsuka miyendo. Ndinawathirira madzi, kenako ndinafunsa kuti kaliyala abwezeretsa liti. Anati Lachiwiri, tsiku la sikelo, ndipo Lachisanu adzamuchotsanso. Atandiyang'ana anaseka.

"Amake mwana, nsanje kodi? Ujatu ndi msuweni wanga. Tinkadyera mbale imodzi."

"Nkhope ija ya pa foni," ndinatero, "ine sindinaionepo."

"Nkhope yanga ndi yomweyi. Ina ndiitenga kuti?"

Anaitembenuzira kwa ine, ili ndi thovu la sopo, kuti ndiseke. Sindinaseke. Ndinatola ndowa n'kulowa m'nyumba. Kunja ndinkawamva awiriwo akukangana za mtunda umene unali wovuta kwambiri, mayi anga akuwaseka.

M'mawa mwake ndinadzuka onse akadali m'tulo. Amuna anga anali ataswali, kupemphera kwa m'bandakucha, n'kugonanso, akuti ntchafu zikuwawa. Ndinakadzutsa mayi n'kuwasiyira mwana, ndipo atandifunsa kumene ndikupita ndinati kudimba. Ndinavala buluku lakale la amuna anga m'kati mwa chitenje. Njinga ziwiri zija zinali zitatsamirana pabalaza. Yobiriwirayo ndinaisuntha osaiyang'ana, n'kutulutsa yathu.

Kaliyala anali pakhonde pomwe paja. Sipanala inali pawindo, pamodzi ndi kachitini ka manati. Ndikanatha kumubwezeretsa ndekha, manati anayi si ntchito. M'malo mwake ndinamasula nati ya pansi pa chishalo, monga ndinkawaonera, n'kuchitsitsa mpaka chinafika m'chiuno mwanga.

Ndinaikankha mpaka kanjira kotsikira kudambo, kumene m'mawa sikudutsa anthu. Ulendo woyamba chitenje chinakodwa mu tcheni ndipo ndinagwera mu nandolo. Ndinachivula n'kuchimanga pa handulo. Ulendo wachiwiri handulo inakana kundimvera, ndinakathera pachulu, bondo n'kusupuka. Ndinakwezanso njinga kumtunda, n'kutsikanso, n'kukwezanso. Kamodzi kokha mapazi onse awiri anachoka pansi kwa kamtunda ndithu, mphepo n'kundilowa m'kamwa, ndisanagwe.

Pobwerera ndinapeza msuweni uja ali pakhonde akutsuka mano. Anayang'ana bondo langa, n'kuyang'ana chishalo. Anatsegula pakamwa, ndipo ndinadziwa kuti akufuna kunena kuti andiphunzitsa. Ndinamulonjera mwaulemu n'kudutsa asanalavule.

Chishalo sindinachikweze. Kachitini ka manati ndinakatenga n'kukakwirira pansi pa ufa, mu ndowa imene amuna anga satsegula.