Juzi yofiira ya bambo anu

Monire mose, ana anga.

Lero poyanika zovala ndapeza juzi imene ndinalukira bambo anu tili pachibwenzi, nthawi ya chipani chimodzi. Thonje ndinapota ndekha, ulusiwo n'kuunyika mu utoto wofiira wa makungwa a mbawa.

Bambo anu, ali mphunzitsi nthawiyo, anaivala popita kukaonekera kwathu ku Kaporo, mvula n'kuwapeza panjira. Utoto unatsikira m'malaya oyera, mpaka manja onse psuu!

Amalume atawaona anakuwa, "Mayo, aphunzitsi! Anyamata a chipani akumenyani? Munalibe khadi?"

Bambo anu anangoti, "Ayi, wandichita zimenezi ndi mwana wanuyu." Amalume anaseka mpaka kuvomera ukwati asanafunsidwe n'komwe.

Tsopano bambo anu akuti akaivala pa ukwati wa mdzukulu wathu Tusekile, kutentha konseku. Tiwalole, kapena ndiibise?