Mwala Umene Unagwera Nyumba ya Achemwali Anga

Achemwali anga a Betty ankadziwika Manje yense chifukwa cha pakamwa pawo popemphera. Ntchito yawo inali yogulitsa tomato ndi anyezi m'mbali mwa msewu wopita ku Chilobwe, koma palibe amene ankawatchula ndi tomatoyo. Pakagwa maliro, pakakhala chinkhoswe, wina akagonekedwa kuchipatala, mawu anali amodzi: kaitaneni amake Mildred. Akayamba kupemphera mawu ankachita kutsetsereka, lililonse pamalo pake, azimayi n'kumangoti "Ameni" misozi ili mbwembwembwe. Ine Thandie, mng'ono wawo, ndinkawanyadira, ngakhale ndinkawaseka kuti pemphero lawo la pachakudya limaziziritsa ndiwo.

Lamlungu limene namondwe wa Freddy anafika, mu Malichi 2023, iwo anali kwathu ku Ndirande. Tinkaika maliro a apongozi anga, ndipo monga mwa nthawi zonse anthu anati apemphere ndi iwowo. Mvula inakana kukata, maminibasi anasiya kuyenda, ndiye anagona kwathu. Amuna awo anamwalira kalekale, ndipo mwana wawo mmodzi yekhayo, Mildred, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, anali atatsala yekha kunyumba kuti aziwerengera mayeso. Kutacha tinamva kuti napolo watsika m'phiri la Soche.

Tinayenda wapansi mpaka ku Manje. Pamene panali nyumba yawo tinapezapo matope ndi chimwala chachikulu ngati minibasi. Tinafufuza m'makampu, kumochale, m'mphepete mwa mtsinje mpaka kumunsi kwenikweni. Mildred sanapezeke.

Kuyambira tsiku limenelo achemwali analeka kupemphera. Sanatukwane, sanalumbire kuti asiya mpingo. Ankagwada ndithu, koma pakamwa pankangouma.

"Thandie," anandiuza tsiku lina, "ndikatsegula pakamwa mukutuluka mawu a pamaliro a eni ake. Angaanga ndilibe."

Anayamba kuwonda. Kudya kunali kochita kuwakakamiza ngati mwana wodwala malungo. Ine ndinaoneratu kuti mayi ameneyu akapanda kupeza polankhulira ndi Mulungu wake, tiika maliro ena chaka chisanathe.

Tsono apa m'pamene mtima wanga umapsa mpaka lero. Alangizi anabwera ngati ntchentche. Wina anati asale kudya masiku makumi awiri ndi limodzi, munthu woti nthiti zikuwerengeka kale. Wina anati akwere kuphiri akafuule, phiri lomwelo limene lawadyera mwana! Wina anawatumizira pafoni mapemphero olembalemba, oti aziwerenga katatu patsiku kenako n'kutumizira anthu khumi. Mayi wina wa mumpingo mwawo, amene ana ake asanu onse ali moyo ndipo ndi onenepa bwino, anawagwira paphewa n'kunena kuti, "Musalire ngati achikunja, mayi, zonse ndi chifuniro cha Mulungu." Ameneyo ndinamutulutsa m'nyumba mwanga tiyi ali m'manja, ndipo sindinapepese.

Mu Meyi achemwali anabwerera ku Manje, n'kupeza kachipinda ka lendi kumunsi. Mumtima mwawo munali chinthu chimodzi: Mildred ali pansi pa mwala uja. Anati auswa mpaka uthe. Ndinawaletsa, ndinalira, ndinawakalipira, koma achemwali akanena anena.

Amene anawathandiza ndi a Wahabu, bambo wachikulire wachisilamu amene ntchito yake ndi yoswa miyala ya kwale yomangira nyumba. Anawabwereka hamala, n'kuwaonetsa moyatsira matayala akutha pamwala kuti utenthe ndi kuchita ming'alu. A Wahabu ankagamula zibenthu zikuluzikulu, achemwali n'kumaziphwanya. Dzuwa likafika paliwombo a Wahabu ankaika hamala pansi, kusamba m'manja, kumaso ndi kumapazi ndi madzi a m'botolo, kuyala saka, n'kupemphera. Sankaphonya, kaya kukutentha, kaya kuli chiperoni.

Tsiku lina achemwali anawafunsa. "A Wahabu, kodi inuyo mtima wanu umafuna kupemphera tsiku lililonse?"

"Ayi, amake Mildred," a Wahabu anayankha akupinda saka lawo. "Masiku ena mtima umakhala uli kwina. Koma ine sindifunsa mtima. Nthawi ikakwana ndimangoima, mtimawo uzindipeza konko."

Sanawakope kuti alowe Chisilamu, ndipo achemwali sanalowe. Anangotolapo ziwiri, nthawi ndi malo. Anasankha sikisi koloko m'mawa, asanagwire hamala, atakhala pansi msana utatsamira mwala. Sabata yoyamba sanatulutse mawu, ankangokhala mpaka dzuwa litawomba pamapazi. Sabata yachiwiri ankanena liwu limodzi lokha, "Ndabwera," basi n'kuyamba ntchito.

Mwezi utatha ndinalawirira kukawasiyira ufa, ndipo ndinawapeza ali pamwalapo. Sanandione. Zimene ndinamva zinandiimitsa tsitsi.

"Ndabweranso. Inu mulipo? Zaka makumi awiri ndakhala ndikupempherera ana a eni ake. Munandituma ku Ndirande kukatonthoza anthu, Inu n'kutsala mukugwetsera phiri pa mwana wanga. Khalidwe lanji limeneli? Mwala uwu mukanangoupatutsa pang'ono ukanagwera chimbudzi. Ndakwiya nanu, ndipo sindikubisirani. Sindikupempha zambiri. Ndipatseni mafupa okha ndikaike."

Kenako anakhala chete nthawi yaitali, maso ali pansi. Nditasendera ndinawafunsa ngati akudwala.

"Khala chete iwe, ndikudikira ayankhe," anatero. "Kale ndinkangolakatula ndekha n'kuti ameni, osawapatsa mpata."

Kunena zoona ndinachita mantha, ndinayang'ana kumwamba kuona ngati kukubwera mphenzi. Koma masana a tsiku limenelo achemwali anadya mbatata zitatu n'kufunsa ngati yatsala ina. Ndinadziwa kuti mankhwala apezeka, ngakhale anali owawa.

Ku Manje nyumba zimayandikana, ndipo makutu amayandikana kuposa nyumbazo. Nkhani inafika kwa a Hawkins, mkulu wa mpingo wawo. Anabwera Loweruka lina atavala jekete ndi nsapato zopolisha, akudumpha matope ngati akuopa kuti awaluma. Ineyo ndinalipo. Munthu ameneyu masiku onse ofukula anthu sitinamuone atagwira fosholo, koma tsikuli mphamvu yokwera chitunda anaipeza.

"Amake Mildred," anayamba atakhosomola, "anthu akudandaula. Akuti mukunyoza Mulungu poyera, ana akumva. Inu munali chitsanzo mumpingo. Siyani zimenezi, mubwerere kumapemphero aulemu aja tinkawadziwa. Mukapitiriza, akuluakulu agwirizana kuti muyambe mwaima pamgonero, ndipo yunifolomu ya amayi musavalenso."

"Bambo," ndinatero, "chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwana wanu atakhala pansi pa mwala uwu mungapemphere mwaulemu inu?"

Achemwali anandigwira dzanja kuti ndikhale chete. Anayankha okha, mosakweza mawu.

"Abambo, zaka zonse zija ndinkapemphera kuti inu mumve kukoma. Panopa ndikulankhula ndi mwini wake. Akandiletsa yekha ndisiya."

A Hawkins anapukusa mutu n'kutsika chitunda. Lamlungu lotsatira analengeza ndithu. Yunifolomu imene anawaletsayo inali chovala chokhacho chimene chinapulumuka kwa napolo, chifukwa ndi imene anavala kumaliro ku Ndirande. Achemwali anaichapa, kuisita, n'kuiika pansi pa chikwama. Azimayi amene kale ankalira ndi mapemphero awo anayamba kuwalambalala panjira, ena n'kumanong'ona kuti mutu wasokonekera. Ndimawadziwa mayina onse, ndipo ndikakumana nawo mumsika sindiwapatsa moni.

Koma sikisi koloko ikakwana achemwali ankakhala ali pamwala. Masiku ena ankakalipa. Masiku ena ankangofotokoza za dzulo lake, kuti chala chatupa, kuti alota Mildred akuchapa. Kenako anayamba kutchula mayina a ena amene sanapezeke, mmodzimmodzi, nyumba ndi nyumba kutsika chitunda chonse, ngati akuitana ana a sukulu. Sankakometsera mawu. Ankangoti, "Uyunso mukumudziwa, ali kuti?" Manja awo anachita zikang'a, nkhope inada ndi utsi wa matayala, koma thupi linabwerera.

Mwala unkachepa, ndipo mantha anga ankakula. Pemphero lonse la achemwali linatsamira pa chinthu chimodzi, mafupa a mwana. Nanga akapanda kupezeka? Ndinkaopa kuti pakamwa padzaumanso, ndipo ulendo uno sipadzakhala wina wopatsegula.

Chibenthu chomaliza a Wahabu anachigubuduza mu Novembala, mvula isanayambe. Anthu anasonkhana, ngakhale aja ankanong'ona. Tinakumba ndi makasu ndi mafosholo masiku awiri. Tinapeza chitsulo cha bedi chopindika, mbale ziwiri ndi lata lophwanyika. Tinakumbabe mpaka tinafika pa dothi lolimba limene silinagwiridwepo ndi munthu. A Wahabu anatuluka m'dzenjemo, n'kuvula chipewa.

"Amake Mildred, pepani. Muno mulibe."

Achemwali sanalire. Anangotembenuka n'kutsika kupita kukachipinda kawo. Chakudya sanachikhudze. Ine sindinabwerere ku Ndirande, ndinagona komweko. Ndinali nditakwiya kwambiri moti ndikanakumana ndi aliyense wondiuza za chifuniro cha Mulungu ndikanamumenya. Miyezi isanu ndi umodzi mayi akuswa mwala ndi manja ake, akupempha mafupa okha, ndiye n'kumumana ngakhale kafupa kamodzi!

M'mawa ndinadzuka msanga koma ndinanamizira kugona, diso lili pa iwo. Sikisi koloko inakwana ali chigonere. Patapita kanthawi anadzuka pang'onopang'ono ngati nkhalamba, kumanga chitenje, n'kutuluka. Ndinawatsatira chapatali.

Potsamira panalibenso. Anakhala m'mphepete mwa dzenje, miyendo ili lendelende. Anakhala chete nthawi yaitali kuposa masiku onse, mpaka ndinayamba kukhulupirira kuti zatha, angobwera kudzatsanzika malo. Kenako ndinamva mawu, otsika koma aukali.

"Mwandimana. Chabwino. Pansi pano palibe, kumtsinje kulibe, ndiye kuti ali kwa Inu. Mwamutenga osandifunsa, tsono mverani ndikuuzeni mmene amakhalira. Ali ndi mphumu, kukazizira amabanika. Akakwiya sadya, muzimunyengerera, osamukalipira. Amaopa mabingu ngakhale ndi wamkulu. Sindinakukhululukireni, musaganize kuti nkhani yatha. Koma mwanayo mumufunditse."

Ndinakhala pansi pomwe ndinaimapo, pamatope ouma, n'kulira mokweza ngati maliro achitika tsiku lomwelo. Achemwali sanatembenuke. Anali asanamalize kumufotokoza mwana wawo.