Timabogi ta Adadi ku Barking

Fungo la penti ndi sipiriti yotsukira maburashi likandipeza, ndimabwerera m'kakhitchini kathu ka ku Barking, mumzinda wa London, pansanjika yachitatu, chilimwe chomwe ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Zenera lake linayang'ana kunjanji. Sitima za anthu zinkadutsa pafupipafupi moti tinaleka kuzimva. Koma ikamabwera ya katundu, makapu ankanjenjemera m'kabati, ndipo adadi ankasiya chomwe akuchita n'kukaima pazenera, milomo ikuwerenga mabogi chamumtima.

Ku Malawi adadi anagwira ntchito ya njanji ku Limbe zaka zambiri. Ankayenda m'mbali mwa sitima ndi kahamala, akugogoda mawilo kuti amve ngati lina lang'aluka. Kuno mapepala awo a ntchitoyo sanawathandize, ndiye ankanyamula makatoni kosungira katundu mpaka msana unakana. Amayi anali namwino, ankalawirira m'mamawa. Sukulu itatsekera, tinkatsala awiriwiri m'nyumba.

Lamlungu lina pochokera kutchalitchi tinadzera pamsika womwe anthu amagulitsa zakale m'mabuti a galimoto. Pansi pa mulu wa mabuku panali katoni ya nsapato, ndipo m'katimo munali timabogi ta sitima ya chidole tisanu ndi kamodzi, ta katundu tokhatokha, topanda injini. Kena kanalibe chitseko, kena makwerero ake anathyoka, tonse tinali ndi fumbi lomata ngati la pamwamba pa firiji. Ine maso anga anali pa chidole cha tsitsi lalitali. Adadi anatola kabogi kamodzi, anazunguza wilo lake ndi chala pafupi ndi khutu, n'kumvetsera atatsinzina. Tinakwera basi katoni ili pamiyendo pawo.

Kuyambira mawa lake, tebulo lodyera linafunda nyuzipepala. Tinkayamba ndi kutsuka kabogi ndi mswachi wakale m'madzi ofunda a sopo, n'kukayanika pazenera. Chitseko chatsopano adadi anachidula pachivindikiro cha ayisikirimu. Makwerero anawapinda ndi waya wopanira mapepala, akugwirira ndi kachitsulo kamene amayi ankazulira nsidze. Guluu ankatimata zala, ndipo tinkamusenda madzulo ngati khungu la njoka. Zala za adadi zinali zazikulu, choncho kupenta inali ntchito yanga. Iwo ankakhala pampando atatsamira pilo, akundiyang'anira.

Kabogi koyamba ndinakapaka penti yofiira mpaka kananyezimira. Ndinakaika pakati pa tebulo kuti amayi akabwera akaone. Kenako adadi anapala choko chakuda ndi chofiirira ndi mpeni, anatenga burashi youma n'kuyamba kupaka ufawo pa penti yanga. Ndinalira, ndipo ndinawauza m'Chingerezi kuti andiwonongera. Masiku amenewo Chichewa ndinkachimva chonse koma sindinkayankha nacho.

Anandisiya ndilire kaye. Kenako anandikokera pafupi nati, "Tiya mwana wanga, bogi loyera ndiye kuti silinapiteko kulikonse. Ili lanyamula feteleza mpaka ku Balaka. Mvula yalikwapula, dzuwa laliwotcha. Tiye tilipatse ulendo wake."

Anandionetsa kuti dzimbiri limayambira pamabawuti n'kutsetsereka m'munsi potsatira madzi a mvula, ndiponso kuti fumbi limakhala pansi, pafupi ndi mawilo. Mawu akuti dzimbiri ndinawatchula koyamba tsiku limenelo, ndipo anandiuza kuti ndibwereze katatu. Masana tinkayenda pang'onopang'ono kupita pamlatho wa oyenda pansi kukaona mabogi enieni. Chitsulo cha pamlathopo chinkatentha m'manja, mpweya unkanunkha dizilo ndi tchipisi za pashopu ya pakona. Adadi ankaloza madontho a oyilo ndi zolembalemba za choko, ine n'kumazisunga m'mutu kuti ndikazijambule kunyumba.

Kabogi kamodzi kankatitengera sabata yathunthu, nthawi zina kupitirira. Ndikafuna kuthamanga, ankati penti sinaume, ngakhale inali itauma gwa. Kamodzi anafufuta manambala onse omwe tinalemba bwinobwino, akuti anapendama. Amayi akabwera kuchokera kuntchito ankayang'ana tebulo, kenako n'kuyang'ana adadi. Ankalowa onse kuchipinda n'kutseka chitseko, ndipo ndinkangomva mawu otsika. Ine ndinkaganiza kuti akukangana za penti yomwe inadonthera pakapeti.

Kabogi komaliza, konyamula mafuta, tinakamaliza kutatsala masiku awiri kuti sukulu itsegulire. Tinandandalika timabogi tonse pazenera, titakowana. Tsiku lomwelo sutikesi yaikulu inatsika pamwamba pa wadirobu. Adadi anandiuza kuti akupita kumudzi kukaona agogo. Nditafunsa tsiku lobwerera, anayang'ana amayi. Ndinatenga kabogi kofiira kaja n'kukakulunga m'sokosi yawo kuti apite nako, koma anakatulutsa n'kukabwezera pamzere.

"Sitima sitiiduladula," anatero. "Uzindisungira yonse."

Sanabwerenso kudzakhala kuno. Anapeza ntchito pafupi ndi njanji ku Limbe, msana unachira, ndipo pafoni mawu awo anali opepuka kuposa momwe ndinkawadziwira. Ndinakawaona kawiri asanamwalire. Ulendo wachiwiri ndinalankhula nawo Chichewa chokhachokha, chopindikapindika, iwo akuseka ndi kundikonza.

Kwa zaka zambiri ndinkakhulupirira kuti adadi anali munthu wochedwa pa ntchito ya manja, wosakhutira msanga, ndipo mumtima ndinkawasungira kachakukhosi kuti anachoka titangomaliza, ngati kuti chomwe chinkawasunga kuno chinali zidole. Ndili wamkulu kale, tikulongedza katundu kuti amayi asamukire ku Ilford, m'pamene anandiuza kuti tikiti ya ndege ya adadi inali ya sabata yoyamba ya holide ija. London inawakanika, ndipo iwo awiri anali atagwirizana kalekale kuti adadi abwerere ku Malawi. Adadi anaisuntha tikitiyo katatu. Ulendo uliwonse amayi akawafunsa chifukwa, yankho linali limodzi: ntchito ya mwana sinathe.