Ndinaumitsa bondo langa pofuna kukhaulitsa mlamu

Inu owerenga, ndine mnyamata wa kumapiri a ku Ntchisi, kufupi ndi malire a Dowa, ndipo sindinazolowere kuyankhula pagulu. Ngakhale kusukulu, komwe ndinalekezera fomu 2, aphunzitsi ankachita kundikakamiza kuti ndiyankhe funso. Koma nkhani iyi yandilemera, ndiye mundilole ndiinene. Ndili ndi bondo lachitsulo limene madokotala anandiika bwinobwino, koma lero silipinda. Amene analiumitsa ndi ine ndemwe. Ndinachita dala, pofuna kukhaulitsa munthu amene anandipundula.

Munthuyo ndi a Lameki, amuna a alongo anga aakulu a Esitere. Anabwera pamudzi pathu pa chikamwini, ndipo anali munthu wa nthabwala, wokondedwa ndi aliyense pamowa. Tsiku la ngozi tinkatsitsa mabelo a fodya pangolo kupita kumsewu komwe galimoto inkadikira. Kwathu kuno ngakhale mwana amadziwa kuti ngolo yodzaza sutsika nayo pamtsetse usanamange tayala limodzi ndi tcheni kuti lizikhwekhwereza. Ndinawakumbutsa mwaulemu. Iwo anali atalawa kale kachasu m'mawa umenewo, ndipo anangoseka. "Alamu, mantha ngati namwali," anatero. "Ng'ombe izi zimandidziwa. Inu pitani kutsogolo muzizilondolera."

Posafuna kukangana ndi wamkulu, ndinapita kutsogolo. Ngolo inakankha ng'ombe, ng'ombe zinathamanga, ine ndinagwa, ndipo tayala linadutsa pabondo langa lakumanja.

Kuchipatala anayesa kulumikiza mafupa, koma m'kati munachita mafinya mpaka bondo lonse linadyeka. Ndinabwerera kumudzi ndikuyenda ndi ndodo ziwiri. Atsibweni anga, mwini mbumba yathu, anasonkhanitsa akubanja pamodzi ndi ankhoswe a kuchimuna. A Lameki ananena kuti ng'ombe zinangodzidzimuka zokha. Ine ndinafotokoza za tcheni chija mutu uli pansi, koma atsibweni anandimva. Anagamula kuti a Lameki azilima munda wanga, umene mayi anandigawira kumunsi m'mbali mwa mtsinje, kufikira tsiku limene ndidzatsikire kumundako ndekha, khasu paphewa, popanda ndodo. Onse anavomera. Koma mawu oti pepani sanatuluke pakamwa pa a Lameki, tsiku limenelo ngakhale pambuyo pake.

Patapita nthawi kunabwera mwayi. Kuchipatala china chachikulu m'tauni kunafika madokotala a mafupa, ndipo anthu a kutchalitchi kwathu anandithandiza kuti ndikafike. Dokotala anati bondo lachitsulo kawirikawiri amaika anthu achikulire, koma langa linalibe njira ina. Anachotsa zodyekazo n'kuika chitsulo. Ndisananyamuke, mayi wina wophunzitsa mafizo, wamfupi koma wa manja olimba, anandikhazika pansi. Anandionetsa kukhala pampando n'kumakoka chidendene ndi chitenje kuti bondo lipinde, ndiponso kuika chidendene panjerwa kuti mwendo uwongoke. Anandiletsa kuika pilo pansi pa bondo pogona. Anati, "Dokotala wachita mbali yake, yotsalayi ndi yako. Miyezi yoyambirirayi ukapanda kulipinda, mnofu wa m'kati uuma ngati chikopa cha ng'ombe padzuwa, ndipo sudzafewanso." Ndinalonjeza kuti ndichita zonse, ndipo nthawi imeneyo ndinkanena zoona.

Inu owerenga, ululu wa bondo loikidwa chitsulo musaumvere kwa anthu. Linkatupa, linkatentha ngati aikamo makala, ndipo ndikalikoka ndi chitenje chija thukuta linkatuluka ngakhale kukuzizira. Kunyonyomala kuchimbudzi kunali kosatheka, mpaka atsibweni anandiboolera mpando. Komabe masabata oyamba ndinkalimbikira, ndipo bondo linayamba kumvera pang'onopang'ono.

Tsiku lina anthu anabwera kudzandiona, a Lameki ali pomwepo. Anati, "Alamu, mvula ikayamba musamandiyandikire. Mphezi idzabwera kudzasaka chitsulo chanucho n'kutenga ndi ine wosalakwa." Anthu anaseka, inenso ndinaseka, chifukwa akulu akamaseka ine ndimaseka nawo. Koma madzulo a tsiku lomwelo, ndikuyeserera kuyenda kuseri kwa chigafa, ndinamva a Lameki akuuza mnzawo kuti, "Chaka chino chokha goli lindichoka. Nanga n'kumalimira munthu wa ndevu zake chifukwa choti sadziwa kuthawa ngolo?"

Ndinaima pomwepo nditatsamira mtengo wa chigafa. Ndinayang'ana mwendo wanga woonda, chipsera chachitali ngati mzere wa khasu, n'kukumbukira tcheni chija chili lende kumbuyo kwa ngolo. Kuwayankha sindikanatha, kumenyana nawo sindikanatha. Koma ndinazindikira kuti ndinali ndi chinthu chimodzi m'manja mwanga. Chigamulo chinati alime mpaka ndidzayende. Ndinanena mumtima kuti, chabwino, sindiyenda. Mulima mpaka msana upindike ngati chikwakwa.

Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya mafizo. Sizinali zovuta, poti ululu nawo unkandiuza zomwezo. Ndinkalowa m'nyumba, kutseka chitseko, n'kumabuula mokweza kuti mayi aziti ndikukoka bondo, pamene ine ndagona chagada, pilo ali pansi pa bondo, malo omwewo anandiletsa aja. Tsiku lopita kukaonedwa kuchipatala likafika ndinkanamizira msewu kuti waterera, ndipo mvula itatha ndinkanamizira mutu kapena malungo.

A Lameki ataona kuti sindikusintha anayamba kutekeseka. Anadula mitengo ya bulugama n'kundikhomera pabwalo mitanda iwiri yoti ndizigwira uku ndi uku pophunzira kuyenda, monga anaonera kuchipatala. "Tiyeni alamu, yendani tione," anatero. "Mwana wanga wamng'onoyu akupitirirani." Ndinagwira mitandayo, kuponda kamodzi, n'kukuwa ngati andibaya. Mayi anatuluka m'khitchini akuthamanga. "Musiyeni mwana wanga. Simunakhutire ndi zimene munamuchita?" A Lameki anachoka manyazi ali m'maso, ndipo ine mtima unazizira ngati ndamwa madzi a mumtsuko.

Ndikuuzeni zoona, nyengo imeneyo ndinkasangalala. Nyumba yathu ili pamtunda, ndipo ukakhala pakhonde munda wanga umaoneka wonse kumunsi. M'mawa uliwonse ndinkaika mpando pakhondepo n'kumaonerera a Lameki akulima, dzuwa likuwawamba pamsana. Akamakwera kubwerera, malaya ali nyowe, ndinkawapatsa moni waulemu n'kuwonjezera kuti, "Pepani alamu, mizere ya kumunsi ija ikuoneka ngati yachepa dothi." Munthu wa nthabwala uja nthabwala zinamuthera, ndipo ine ndinkati ndi zimenezo, alawe.

Alongo anga anandidandaulirapo. Anati munda wawo wagonera chifukwa amuna awo sangathe minda iwiri, ndipo nkhokwe yawo sifika ngakhale Khirisimasi. "Iwe, yesetsa," anatero, "ukulanga ana angawa." Ndinawayankha kuti ndikuyesetsa, koma chitsulo chakana. Ananditsira diso nthawi yaitali, kenako anatola mwana n'kumapita.

Itakwana nthawi yososa m'minda chaka chotsatira, a Lameki anatsanzika kuti akukaona mayi awo odwala kwawo, cha ku Mvera. Sanabwererenso. Atsibweni anatumiza uthenga kwa ankhoswe, ndipo yankho linabwera pamaso pa anthu onse, ine ndili pomwepo. Mkulu amene anatumidwayo anati, "Mwana wathu akuti chigamulo chinali choti alime mpaka wodwala adzayende. Nanga wodwala akakhala wosafuna kuyenda? Akuti taonani mitanda imene anakhoma ija. Makungwa ake ali chikhalire, palibe pamene dzanja linagwirapo. Mukuyanikapo zovala." Anthu onse anacheukira mitanda ija. Panali chitenje cha mayi ndi malaya anga.

Ndinaiwala chinthu chimodzi, inu owerenga. Mkamwini ndi mlendo. Chigamulo cha atsibweni chimagwira munthu amene ali pamudzi, koma a Lameki anali ndi miyendo iwiri yabwino, ndipo anaigwiritsa ntchito.

Mvula yoyamba itagwa ndinati basi, masewera atha, tsopano ndiyenda. Ndinkaganiza kuti bondo ndi ngati ng'ombe yomangidwa, ukaimasula imanyamuka. Ndinasiya ndodo pakhonde, kunyamula khasu paphewa, n'kuyamba kutsika kanjira kopita kumunda. Pamtsetse munthu satsika osapinda bondo. Langa linakana. Silinapinde, komanso silinawongoke, linangouma pakatikati monga linkakhalira papilo paja. Mwendo unalibenso mphamvu yondinyamula. Ndinagwa chafufumimba n'kutsetsereka m'matope mpaka ndinakakodwa pachitsa. Amene anandipeza ndi alongo anga omwewo, mwana ali kumbuyo, ndipo anandikweza phiri lija nditawakolowekera pakhosi.

Kuchipatala kuja dokotala anagwiragwira bondo, kuona zithunzi za mafupa, n'kunena kuti chitsulo chili bwinobwino pamalo pake. Vuto linali mnofu umene unauma mozungulira. Anati ndikanabwera miyezi yoyambirira akanandigoneka tulo n'kulipinda mwamphamvu, koma tsopano kutero kukhoza kuthyola fupa. Mayi wa mafizo uja anandikumbukira. Anandifunsa kuti chinachitika n'chiyani pamene ndinachoka ndikuyenda bwino. Sindinathe kuwanamiza. Ndinawafotokozera zonse, za ngolo, za chigamulo, za pilo. Anamvetsera osandidula, kenako anafunsa mofatsa kuti, "Ndiye mlamu wakoyo panopa akumva kuwawa pati?"



Moyo wanga tsopano ndi wa munthu wokambirana ndi mwendo tsiku lililonse. M'mawa ndimayamba ndauthowa ndi nsalu ya madzi ofunda, apo ayi sundilola kuponda pansi. M'miyezi yozizira, nkhungu ikakuta mapiri athuwa, bondo limaluma ngati muli nyerere zolusa. Mankhwala ochepetsa ululu ndimamwa monga anandiuzira, osapitirira, ngakhale tsiku lina mtima umafuna kumwa onse nthawi imodzi kuti ndipume. Muminibasi ndimapempha mpando wa pakhomo chifukwa mwendo sulowa pakati pa mipando, ndipo makondakitala ena amandisiya. Kutchalitchi ndimakhala kumapeto kwa benchi, mwendo uli m'njira, anthu n'kumaulumpha popita kukapereka. Ntchito imene ndimatha ndi yosankha fodya m'zigafa za anthu, nditakhala pansi mwendo uli tambalale. Mitanda ija inadyedwa ndi chiswe, ndipo ndinachita kupempha atsibweni kuti andikhomere ina. Imeneyi makungwa anachoka kalekale. Ndimayendapo m'mawa ndi madzulo, ndipo bondo lafewako pang'ono, koma pang'ono pokha.

Munda uja akulima ndi alongo anga, okha, pamodzi ndi wawo. Ukakhala pakhonde amaoneka bwinobwino, atawerama pamalo omwewo pamene amuna awo ankawerama. Mpando wanga ndinausamutsira kuseri kwa nyumba.

A Lameki ndinawaonanso kamodzi, pamaliro m'mudzi woyandikana nawo. Ndinamva kuti anakwatira kwina. Ndinawaona akukwera phiri la kumanda mothamanga, atanenepa, jekete lili paphewa, pamene ine ndinatsala pansi pamtengo ndi nkhalamba zimene sizikanatha kukwera. Pobwerera anaima patsogolo panga n'kumwetulira. "Alamu, chitsulo chikuti bwanji?" Ndinayankha kuti chili bwino, zikomo.

Sindikunamizani kuti ndinawakhululukira. Akuluampingo amandiuza kuti ndikhululuke, ine ndimavomera ndi mutu, koma ndikamva kulira kwa matayala a ngolo pamtsetse mtima umawira ngati kale. Anandipundula, sanapepese, anasiya alongo anga ndi ana, ndipo akuyenda. Chimene chimandipweteka koposa n'choti tsopano ali ndi ponena. Akamafotokoza nkhaniyi kumowa, sanena za tcheni. Amanena za mitanda yoyanikapo zovala, ndipo sanama. Mlandu umene unali wawo ndinausenza ndekha. Ndikanalimbikira, tsiku la maliro lija ndikanakwera phiri limodzi nawo, n'kuwapitirira, n'kuwadikira pamwamba kuti andipeze nditaima. Kubwezera kwenikweni kukanakhala kumeneko.

Choncho inu amene mwaikidwa bondo lachitsulo, kapena muli ndi m'bale amene wangotuluka kumene kuchipatala, ndikukupemphani. Chimene a mafizo akuuzani chitani tsiku lomwelo, ngakhale mukulira. Pilo musamuike pansi pa bondo. Tsiku lokaonedwa musaliphonye, msewu ukaterera pemphani anthu akunyamuleni mpaka pamene galimoto ikufika. Ngati pali amene anakulakwirani, mkwiyo wanu sindikulandani, inenso wanga ndili nawo. Koma musaugoneke pamwendo panu kuti iye aziuona. Wokulakwiraniyo tsiku lililonse akhoza kunyamula jekete lake n'kumapita. Mwendowo udzatsala ndi inu.